Funso la malume a ku Nchalo: mnyamata akamenyere lamba kapena ayambe wadikira?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Nchalo, ndipo ndiidula chifukwa ndi yaitali. Mwana wa mlongo wawo ndi wankhonya. Chilowereni nkhonya zolipidwa wamenya ka 7 ndipo wapambana konse. Zonse zinali za maraundi 4 kapena 6, ndipo palibe imene inadutsa raundi yachinayi chifukwa anzakewo amagwa msanga. Tsopano pulomota (wokonza nkhonya zolipiritsa) wina wa mu mzinda waimba foni kuti mnyamatayo akalimbirane lamba ndi katswiri amene sanagonjepo chiyambire. Nthawi yokonzekera ndi masabata atatu. Ndalama yake ndi yoti pakhomopo sanaigwirepo. Mayi ake akukana, anzake akumupopa, ndiye nkhani yagwera malume. Funso lawo ndi lakuti, kodi mwanayu wakhwima?

Achimwene, mwatosa chilonda. Mundilole ndidzere kutali, chifukwa uthenga ngati umenewu unafikapo kale kuno ku chigwa, ine ndilipo.

Ife nkhonya tinaphunzirira pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa nyumba ya bambo wina amene masewerowa anawadziwira ku usilikali. Jimu yathu inali thumba la feteleza lodzaza mchenga wa mu Mwanza wosakaniza ndi utuchi, lomangidwa ndi linya panthambi. Magolovesi anali peyala imodzi. Mnzako akavula iwe umalowetsa manja m'thukuta lake lomwelo, ndipo fungo lake sindidzaliiwala. Zokulunga m'manja tinkang'amba chitenje chakutha. Kothamanga tinkadzuka tambala woyamba n'kutsata msewu wa m'mbali mwa minda ya nzimbe, poti kuno mu Okutobala ikamati 8 koloko dzuwa limakhala layamba kale kulanga anthu. Nyengo yotentha nzimbe tinkabwerako phulusa lili m'tsitsi ndi m'mphuno, ukamina mamina akuda bii.

Pagulu pathupo panali mnyamata mmodzi, dzina lake ndisunga. Ankagwira ganyu yokweza matumba a thonje m'malole, ndiye mapewa ake anali ngati a anthu awiri. Ukamugwirira thumba lija iye akumenya, mano ankachita kugundana. Kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Bangula panalibe amene anaima naye. Anthu ankabwera pa kabaza kuchokera ku Ngabu kudzangoona dzanja lake lamanja. Koma nkhonya zake zonse zinkatha chimodzimodzi: waponya, munthu wagwa, ife tamunyamula m'mapewa. Sanadziwepo mmene thupi limamvera pa mphindi ya 20, manja atalemera, mpweya ukuperewera, mnzako akadali chiimire akukuyang'ana. Panalibe womufikitsa kumeneko. Ife tinkayesa chimenechi ndiye umboni woti wakhwima.

Ndiye uthenga unabwera kuti katswiri wina mu Blantyre wasowa womenyana naye, amene anakonzedwa wadwala. Masiku anali atatha kale. Ine ndinali wamng'ono pagulupo, ntchito yanga inali yonyamula ndowa ndi botolo la madzi. Tinakwera minibasi, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, n'kuyamba chitunda chokhotakhota chija. Inali nyengo yozizira, ndipo mukudziwa mmene chiperoni chimamuchitira munthu wobadwira ku chigwa. Tinagona pa simenti m'kachipinda kamene anatipezera, jekete tinalibe. Kutacha, pa sikelo anapezeka kuti wapyola ndi makilogalamu awiri. Kwathu tinkamuyeza pa sikelo ya mavenda ogula thonje, ndipo sikelo imeneyo mukudziwa mbali imene imanamira. Anamuveka mapepala a pulasitiki mkati mwa juzi yobwereka, kumuthamangitsa, kumulavulitsa m'chitini, madzi osalawa. Kulemera kuja kunatsikadi, koma milomo inali itauma gwa, maso atalowa.

Raundi yoyamba holo yonse inaimirira. Anamupeza katswiri uja ndi lamanja lija mpaka anadzandira n'kutsamira zingwe. Ine ndinati basi, lamba wapita ku chigwa. Koma mwini lambayo sanachite phuma. Anangomukumbatira, kumutsamira ndi thupi lonse, kudikira belu. Raundi yachiwiri anasiya kuima kutsogolo kwake, anayamba kuzungulira mbali yothawa dzanja lija, uku akumutosa kumaso ndi lamanzere, kenako chimodzi cha m'nthiti, n'kuchokapo. Kutosa, m'nthiti, kuchokapo. Pofika raundi yachisanu mnzathu uja kukamwa kunali yasa, manja ali m'chiuno. Kuyambira pamenepo sikunalinso kumenyana, kunali kumenyedwa.

Pakona pathu anatiikira munthu wa pulomota yemweyo, ati ndiye wodziwa malamulo, ndipo thaulo linali paphewa pa iyeyo. Aphunzitsi athu anamuuza kuti aliponye mu ring posonyeza kuti tagonja, nkhonya iime. Iye anati dikirani, anthu alipira pakhomo. Woimbira ndiye anadzaimitsa mu raundi ya 8, mnzathu atatsamira zingwe osabweza ngakhale chimodzi. Ambulansi panalibe. Ndalama anamupatsa theka, ati yotsalayo akamaliza kuwerengera za pakhomo, ndipo mpaka lero akuwerengabe. Pobwerera mutu wake unali pamiyendo panga, akusanza pa makona onse a chitunda chija. Kunyumba ena ankati ndi malungo, ena ankati a mu tauni amuchita zamankhwala. Anachira, anamenyanso kangapo, koma chibwano chinali chitapita. Anyamata amene kale ankawagwetsa ndi chibakera chimodzi anayamba kumugwetsa iyeyo. Lero alipo, ali ndi banja, amapalasa kabaza. Ukamufunsa kanthu amayankha patapita kanthawi, ndipo diso lina limaona mwachimbuuzi.

Poyamba kulemba ndimafuna ndikuuzeni mwaulemu kuti zili kwa inu ndi banja lanu. Ayi, ndasintha. Asapite. Osati pano, osati pa masabata atatu.

Yambani mwadzifunsa kuti waimba foni ndani. Simunapemphe nkhonyayi ndinu, yakupezani. Wogula ng'ombe pa msika wa ku Ngabu satchula mtengo asanaizungulire, amakhala waiona miyendo, waiona nthiti, wadziwa kale phindu lake. Pulomota nayenso wamuzungulira kale mnyamata wanu. Waona timavidiyo tija ta pa Facebook ndi pa WhatsApp, waona kuti ali ndi dzanja loti anthu angalipire kudzaliona, waonanso kuti sanafikepo raundi yachisanu. Kwa iyeyo ameneyu ndi mdani wabwino kwambiri: pa positala akuoneka woopsa, mu ring ndi wotheka. Kusagonja kwa katswiri wakeyo ndi katundu amene amagulitsa matikiti, ndipo palibe wamalonda amene amaitana munthu woti adzamuswere katundu. Akanakhala kuti akumuopa mnyamata wanu, foni ikanapita kwina.

Ndipo masabata atatuwo si ngozi ayi. Mwina womenyana naye weniweni wathawa, mwina dala akufuna wobwera wosakonzeka. Mulimonsemo, mwini lamba wakhala ali mu jimu miyezi, wanuyo akuyamba lero. Nkhonya za lamba zimakhala maraundi 10 kapena 12, iliyonse mphindi 3, kupuma mphindi imodzi. Maraundi 12 ndi mphindi 36 za kumenyana. Mnyamata wanu, malinga ndi imelo yanu, sanapyolepo mphindi 12. Mpata umenewo sutsekeka ndi kuthamanga m'minda ya nzimbe masabata atatu, ngakhale atathamanga mpaka ku Nsanje.

Ndikudziwa zimene anzake akumuuza, chifukwa ndi zomwe timauzana m'mavidiyo sho. Buster Douglas! Andy Ruiz! Tiyeni tiwaone bwino anthu amenewa, poti nkhani zawo zimakambidwa theka.

Douglas anagwetsadi Mike Tyson ku Tokyo pa 11 Febuluwale 1990, mu raundi ya 10, Tyson atapambana ka 37 osagonjapo. A juga ankati mwayi wake unali 42 kwa 1, kutanthauza kuti sankayembekezera n'komwe kuti angapambane. Koma Douglas sanali mwana. Anali atamenya nkhonya zoposa 30, atagonja kanayi, ndipo mu 1987 anali atalimbiranapo lamba wa dziko lonse ndi Tony Tucker n'kuimitsidwa mu raundi ya 10. Chaka cha 1989 anagonjetsa Trevor Berbick ndi Oliver McCall. Bambo ake omwe anali wankhonya. Ndipo chimene a m'vidiyo sho amaiwala n'chakuti Tyson anamugwetsa mu raundi ya 8, iye n'kudzuka. Kudzuka kumeneko munthu saphunzira pa tsiku la lamba.

Ruiz naye analowa m'malo mwa munthu wina, inde, n'kuimitsa Anthony Joshua mu raundi ya 7 ku Madison Square Garden pa 1 Juni 2019, Joshua atapambana ka 22 osagonja. Koma Ruiz anali ndi nkhonya 33 kumbuyo kwake, anali atapitapo maraundi 12 ndi Joseph Parker ku New Zealand mu 2016, ndipo anali atangomenya kumene mu Epulo, thupi likadali lotentha. Mimba yake ija ndiyo inapusitsa anthu. Naye anagwa mu raundi yachitatu, kudzuka, n'kugwetsa Joshua kawiri mu raundi yomweyo. Julius Indongo wa ku Namibia anapita ku Moscow mu Disembala 2016 n'kukomola Eduard Troyanovsky, amene anali asanagonjepo, m'masekondi 40 okha. Komatu Indongo anali atapita ku Olimpiki ku Beijing mu 2008 ndipo anali ndi nkhonya 20. Naye atakumana ndi Terence Crawford mu Ogasiti 2017, chimodzi cha m'nthiti chinamupinda mu raundi yachitatu.

Amene akufananako ndi mnyamata wanu ndi Azumah Nelson wa ku Ghana, ndipo ameneyu ndivomera. Mu 1982 anaitanidwa mwadzidzidzi, ali ndi nkhonya 13 zokha, kuti akamenyane ndi Salvador Sanchez wa ku Mexico ku New York. Anamuvutitsa mpaka raundi ya 15, m'mene anaimitsidwa, ndipo patapita zaka ziwiri anakatenga lamba kwa Wilfredo Gomez. Koma Nelson asanayambe zolipidwa anali atatenga kale mendulo ya golide pa masewero a Commonwealth mu 1978. Anali atakumana ndi mitundumitundu ya anthu, aatali, aafupi, amanzere, othamanga. Mnyamata wanu wakumana ndi ndani? Anthu 7 amenewa simunandiuze kuti ndi otani. Ngati anali oyamba kumene, kapena aja amangobwerera ya thiransipoti n'kugwa raundi yachiwiri, ndiye kuti 7 ameneyo ndi nambala chabe. Funso lomwelo likufunika kwa katswiriyo, kuti amene wawagonjetsawo ndi ndani, chifukwa kusagonja kwina kumachita kuumbidwa. Koma ngakhale kutakhala koumba, iye wafikapo maraundi 10, wanu sanafikepo.

Musandimve molakwa, ine kugonja sindikuopa. Chikhalidwe chomasunga ziro, mbiri ya kusagonjapo, ngati dzira chabwera ndi nthawi ya Floyd Mayweather ndipo chaononga anyamata ambiri. Taonani Anisha Basheel wathu. Nkhonya zake 5 zoyambirira anagonja zonse. Wina akanasiya. Koma mu 2018 anapita ku York Hall ku London n'kuimitsa Sam Smith mu raundi yoyamba, kubwera ndi lamba wa Commonwealth. Chaka chotsatira anakumana ndi Chantelle Cameron amene anali asanagonjepo, anapita naye mpaka kumapeto, n'kugonja pa mapointi. Drake Thadzi anagonjetsa James Toney mu 1997 atakhala m'nkhonya zaka zambiri, atagonjapo kangapo. Canelo Alvarez anali ndi zaka 23 pamene Mayweather anamuphunzitsa sukulu mu Seputembala 2013, koma anatuluka nkhope ili bwinobwino, n'kukhala katswiri woposa kale. Anali atamenya ka 43 asanafike pamenepo, ndiye ankadziwa kudziteteza ngakhale zinthu zikumuvuta.

Chimene ndimaopa ndi kuphwanyidwa. Pali kugonja kumene munthu amabwerako waphunzira, pali kugonja kumene amasiya gawo la thupi lake mu ring. Meldrick Taylor anali ndi golide wa Olimpiki wa 1984, anali ndi lamba wakewake, manja ake anali a liwiro loopsa. Mu Malichi 1990 anakumana ndi Julio Cesar Chavez amene anali atapambana ka 68 osagonja. Taylor ankatsogola kwa majaji awiri, koma woimbira anaimitsa nkhonyayo kutatsala masekondi awiri kuti ithe. Anthu amakanganabe za masekondi awiriwo mpaka lero, koma sakamba zoti anapita ku chipatala fupa la m'mbali mwa diso litathyoka, atataya magazi ambiri. Anadzatenganso lamba wina, koma sanabwerere mwakale, ndipo m'kupita kwa zaka kalankhulidwe kake kanasokonekera. Ameneyo anali wokonzeka mbali zonse. Nanga wosakonzeka?

Chitsanzo chimene ndikufuna mnyamata wanu achione ndi cha Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre amene anakakhwimira ku South Africa. Pamene ankapita ku Ekaterinburg ku Russia mu Julaye 2016 kukakumana ndi Sergey Kovalev, munthu amene anali asanagonjepo ndipo ankagwetsa pafupifupi aliyense, Chilemba anali atatha zaka zoposa 10 m'nkhonya zolipidwa. Mu 2013 anapita maraundi 12 kawiri ndi Tony Bellew, ku Liverpool anafanana mphamvu, ku London anagonja. Mu 2015 anapitanso 12 ndi Eleider Alvarez ku Canada. Ndiye Kovalev atamugwetsa mu raundi ya 7, Chilemba anadzuka, anadziwa pogwira, anadziwa pothawira, n'kufika belu lomaliza. Anagonja pa mapointi, anatsika yekha masitepe, ndipo mu 2018 anapatsidwanso mwayi wina ndi Dmitry Bivol, nayenso wosagonja, n'kumalizanso maraundi 12. Lamba wamkuluyo sanamutenge, koma kukhwima ndimati kumeneko. Kumaoneka zinthu zikaipa, osati pamene dzanja lako likugwira ntchito.

Pali bodza lina limene timauzana kuno, lakuti ife a ku chigwa tili ndi mpweya wambiri chifukwa tinazolowera dzuwa. Kupirira kutentha ndi kwina, mpweya wa mu ring ndi wina. Chigwa chathuchi mbali yaikulu sichifika mamita 100 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene Blantyre ndi Lilongwe zili pa mamita 1,000 kapena kupyolerapo. Si phiri lalitali kwenikweni, koma ukaphatikiza kuzizira, kugona malo achilendo ndi kufika dzulo lake, thupi limamva. Lennox Lewis yemwe anazionapo mu Epulo 2001 ku Carnival City pafupi ndi Johannesburg, malo okwera mamita pafupifupi 1,600. Hasim Rahman anafika msanga kudzazolowera, Lewis anachedwa akujambula kanema ku Las Vegas, ndipo anagonekedwa mu raundi yachisanu. Ngati zinamuchitikira Lewis, wa ku Nchalo wokwera minibasi Lachisanu kuti akamenye Lamlungu asadzinamize.

Vuto lathu lenileni si mphamvu. Mphamvu kuno zilipo zambiri, anyamata odula nzimbe, opalasa bwato mu Shire, onyamula anthu awiri pa kabaza kuchokera ku Bangula. Vuto ndi lakuti waluso akangotulukira amakhala yekha. Pa sparring, nkhonya zoyeserera pokonzekera, amamenyana ndi ana amene amamuopa, ndiye amazolowera zoipa: kutsitsa dzanja akaponya, kubwerera m'mbuyo molunjika, kudalira chibakera chimodzi. Palibe womulanga pa zolakwazo, mpaka tsiku limene womulangayo ndi mwini lamba, anthu akuonerera. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mnyamatayu akufunika miyezi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, m'majimu a anthu omuposa, asilikali aja ndi ena, azimenyedwa atavala chipewa chotchinga mutu, kumene kulibe woonerera ndipo mphunzitsi akhoza kunena kuti basi. Kuchoka ku Nchalo kupita ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 80 okha, koma kwa wankhonya wopanda womuthandiza kumakhala ngati kunja kwa dziko.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Chigwachi chimakumbukiridwa madzi akasefukira, 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, makamera onse amatsika chitunda. Madzi akaphwa amakwera. Pa masewero timakumbukiridwa pakasowa munthu woti amenyedwe. Mabwana a malonda a kuno, aja a ng'ombe mazanamazana ndi mashopu, amatha kugula yunifolomu ya timu ya mpira chisankho chikayandikira, koma kulipirira mnyamata mmodzi lendi ya miyezi itatu ku Ndirande kuti akaphunzire, palibe. Akadzapambana ndiye adzabwera kudzajambulitsa naye. Ndipo anzake akumupopawa, ena mwa iwo angofuna pobetcha. Tsiku limene mutu udzayambe kumuvuta, onsewa adzakhala ali kwawo. Wotsala naye ndi mlongo wanuyo, amene mukuti akukana chifukwa cha mantha a chizimayi. Mawu amenewo m'imelo yanu sanandisangalatse, achimwene. Pa anthu onse amene mwawatchula, amene wawerengera bwino ndi mayiyo.

Za ndalama sindikuzipeputsa. Ndikudziwa chaka chimene mapira akanika, anthu n'kumakazula nyika ku dambo pakati pa ng'ona, ndiye munthu wokhala ndi foni ndi intaneti ngati ine n'kumati kanani ndalama. Adzakuuzani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma werengerani bwino. Pa ndalamayo achotsapo mphunzitsi, thiransipoti, chakudya, mwina ndi amene anakulumikizani. Akaphwanyidwa, mtengo wake umatsika tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo amaitanidwa ngati makwerero a ana ena. Akadikira chaka, n'kupambana ziwiri kapena zitatu za maraundi 8, nkhonya yomweyi idzabwera ndi ndalama yoposa iyi chifukwa anthu adzakhala akuifuna okha.

Akaumirira kupita

Ndi munthu wamkulu, simungamumange. Ngati watsimikiza, pali zinthu zoti musagonjerepo. Nkhonyayo ikhale yovomerezedwa ndi Malawi Professional Boxing Control Board, ndipo mufunse nokha ku bungweko, osangomva za pulomota. Kontirakiti ikhale yolembedwa, yotchula ndalama, kulemera ndi maraundi, ndipo gawo lina la ndalama alandire asanakwere minibasi. Muyezeni lero pa sikelo ya ku chipatala. Ngati akufunika kutsitsa makilogalamu ambiri m'masiku ochepa, nkhani ithere pomwepo, chifukwa munthu wouma madzi m'thupi sapirira zibakera za m'mutu. Dokotala ndi ambulansi zikhalepo belu lisanalire. Thaulo likhale m'manja mwa munthu wanu, amene mwagwirizana naye kuti maraundi awiri otsatizana mwana akungolandira osabweza, aponye, ngakhale holo yonse imutukwane.

Maraundi akumapetowa ndiwo amapha. Kale nkhonya za lamba zinkakhala maraundi 15. Mu Novembala 1982 Kim Duk-koo wa ku South Korea anagwa mu raundi ya 14 pomenyana ndi Ray Mancini ku Las Vegas, n'kumwalira patapita masiku anayi, ndipo pambuyo pake mabungwe anatsitsa maraundi kufika pa 12. Magazi akamatayikira mkati mwa mutu munthu amatha kutsika mu ring akuyenda yekha, akuseka, zizindikiro n'kudzabwera patapita maola: mutu kupweteka mowonjezereka, kusanza, tulo tosadzutsika, kulankhula zosamveka, mwana wa diso wina kukula kuposa mnzake. Mukaona chimodzi mwa zimenezi musamukweze minibasi yobwerera ku chigwa ati akapumire kunyumba. Ngati muli mu Blantyre pitani naye ku Queen Elizabeth usiku womwewo. Ndipo ngakhale aoneke bwino, usiku woyambawo asagone yekha, asamwe mowa, ndipo akagwetsedwa asavalenso magolovesi kwa mwezi kapena kuposa, mpaka dokotala atamuona.

Koma ine ndikanakhala inu, mawa ndikanamuimbira pulomotayo n'kumuuza kuti lamba pano ayi, koma mnyamata tibwera naye ngati mutamupatsa nkhonya ya maraundi 8 tsiku lomwelo, ndi munthu amene wagonjapo koma sagwa wamba. Akatero mwana alandira kandalama, aona mmene raundi ya 7 imakomera, ndipo akamaliza akhala m'mbali mwa ring n'kumuona katswiriyo ndi maso ake, mmene amapondera, mbali imene amathawira. Pulomota amene akumufunira zabwino avomera. Akayamba zoti mwayi subwera kawiri, mwadziwa chimene amamuitanira. Ndipo mukandilemberenso, mundiuze za anthu 7 aja, aliyense anali atamenyapo kangati, komanso ngati mnyamatayu anagwetsedwapo ngakhale pa sparring n'kudzuka.